Zimene Bambo Safunsa Mwana Wake

"Mwana ni wanu uyu, si wa ba landilodi. Ngenani mumufunse."

Amake Chrispin ananena mawuwa ataima pakati pa chipinda, m'manja muli kabudula wa mwana wawo amene anamupeza kunsi kwa matiresi. Kabudulayo anali ndi magazi ouma ndi mafinya, ndipo ankanunkha mankhwala a zitsamba. Amuna awo, a Whyson Daka, anali atangofika kuchokera koumba mabuloko, simenti ili mbuu m'tsitsi. Anamuyang'ana kamodzi kabudulayo, kenaka n'kukweza maso kudenga ngati malata ndi amene alankhula.

"Nimufunse chani? Bamake Chrispin, ganizani bwino. Ine nine tate wake. Va kunsi kwa lamba tate safunsa mwana. Kwathu ku Katete iyo ni nchito ya malume."

"Malume wake ali ku Katete akolola chimanga. Mwana aola muno mu Kanyama. Ku sukulu analeka kuyenda, na mayeso ya giredi 12 yali pakhomo. Simuona mwamene ayendela, monga wanyamula chinthu pakati pa mendo?"

"Nanga imwe munamufunsa?"

"Ninamufunsa. Ati 'nadwala kunsi', basi wafunda bulangeti kumutu. Ine nine mai wake, nimuvule? Ni tusikana utu twa mu komboni, twamupasa matenda. Nizitaya mphamvu kumuphunzisa, yeve ali bize na vachabe."

"Nizatumila ba Edwell foni. Ni mulongosi wanu, abwele akambe na mwana wa mulongo wake."

"Tumani. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine namva. Ngati pa Sondo pazafika kulibe chamene mwachita, nizamupeleka kuli ba Profeti."

M'nyumba za lendi za m'Kanyama khoma lapakati silifika kudenga, ndiye palibe chinsinsi chimene chimagona chipinda chimodzi. Chrispin, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anamva zonse ali chigonere kuseri kwa khomalo. Za atsikanazo zinamupweteka, poti linali bodza. Koma chimene chinamuumitsa thupi ndi dzina la a Profeti. Kutchalitchi kwawoko wodwala amamuimika kutsogolo, n'kumupatsa maikolofoni kuti atchule yekha nthenda yake, anyamata a kwaya akujambula ndi mafoni kuti dziko lonse lione mphamvu ya abusa. Lolemba likamafika, nkhope yako imakhala ili m'thumba la aliyense kuyambira ku Chawama mpaka ku Matero.

Nthenda yake inali yoti munthu sungaitchule pa maikolofoni. Chiwalo chake chachimuna chinali chitayamba kukhota, mkati muli kanthu kolimba kopweteka. Ndipo pofuna kudzichiritsa mwakachetechete, anali atawonjezerapo bala.

A Daka anaimbadi foni m'mawa mwake. Alamu awo anamvetsera, n'kunena kuti abwera akagulitsa chimanga, padakali pano mwanayo azimwa madzi a mizu ina imene ku Lusaka simera n'komwe. A Daka anaika foni m'thumba mtima uli m'malo. Mwambo anali ataukwaniritsa, mbali yawo anali atachita.

Masiku otsatirawo ankati akamapita kuntchito, amaima pakatani ya chipinda cha mwana wawo, n'kutsokomola.

"Chrispin, uli bwanji?"

"Nili bwino, ba tate."

"Wadya?"

"Nadya."

Apo ndiye kuti acheza. Musawaseke kwambiri a Daka, mwana wawo ankamukonda, mwina kuposa mmene ambiri a ife timakondera athu. Anali munthu woti simenti inamudya zala kuti mnyamatayo asasowe yunifomu. Koma pakamwa pawo panali pomangidwa ndi mfundo imene anamangiridwa ndi atate awo, ndipo iwo ankaiyesa ulemu.

Lachisanu Chrispin anatentha thupi. Amake anamupukuta nkhope ndi kansalu konyowa, kenaka anatenga shati yake yoyera n'kuyamba kuisita, kukonzekera Lamulungu. Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ba mai, mukanipeleka kuja, simuzanionanso."

"Uyopa chani ngati sunachimwe? Chimo ikaululika ndiye pamene munthu apola."

Chrispin anatembenukira kukhoma. A Daka anamva mawu amenewa ali pakhomo akuvula majombo, ndipo nsima ya tsiku limenelo anaisiya m'mbale.

Loweruka masana magetsi anazima monga mwa chizolowezi, komboni yonse n'kukhala zii. A Daka analowa m'kashedi ka a Kabaso, mnansi wawo wowotcherera mageti ndi mafelemu a mazenera. A Kabaso anali Mbemba wa ku Kasama, ndipo kwa munthu wa kummawa Mbemba ndi mbuya. Pachimbuya mumanyozana mmene mungathere popanda wokwiya, ngakhale pamaliro. Mbemba amaseka wa kummawa kuti amadya mbewa, wa kummawa n'kumubwezera kuti iye amadya anyani, amene m'Chibemba amati kolwe. Chimene mbale wako sangayerekeze kukuuza, mbuya amakuuza akuseka.

"Yangenako mbeba," anatero a Kabaso osadzuka pa chitini chimene anakhalira. "Nanga nkhope yagwa bwanji? Makoswe yasila mu Lusaka?"

"Lekani ivo, imwe bakudya kolwe. Nili na nkhani."

"Nkhani yanu niiziba. Khoma yanu na yanga ni imozi. Sabata yonse nimvela chabe 'malume, malume'. Imwe bakumawa munidabwisa. Khoswe mudya pa bantu, mutu na muchila, kulibe nsoni. Koma kufunsa mwana wanu pamene pamubaba, ati mwambo."

"Simungamvele imwe. Mwana akakamba ivo vinthu na tate wake, ulemu wasila. Azaniyangana bwanji mailo kukacha?"

"Azamiyanganani na menso, ngati azankhala moyo. Safunsa anadya phula, si ndimwe munapanga uyo mwambi? Olo munaupangila ise?"

A Daka anapukusa chipewa m'manja. Kenaka ananena chimene anadzera.

"Imwe ndimwe mbuya. Kuli imwe kulibe chotinkha. Mufunseni ndimwe."

"Nizamufunsa. Koma imwe simuchoka. Ine sindine positi ofesi yosunga makalata ya bantu."

"Ningankhale bwanji pamene akamba?"

"Yanganani ku khoma. Mwambo wanu unakamba va matu olo va menso?"

Anamuitana Chrispin. Anabwera pang'onopang'ono, akukoka mwendo, milomo itauma ndi malungo. Anapeza atate ake atakhala pa njerwa, atafulatira, nkhope ili pafupi ndi geti losamaliza. A Kabaso anamukhazika pa benchi.

"Iwe kambeba kang'ono, aba bamene waona apa si batate bako, ni geti. Ukamba na ine. Chinayamba liti?"

Chrispin anayang'ana msana wa atate ake, n'kuyang'ana pansi. Mawu anatuluka ochepa ngati madzi a pampopi wa m'komboni.

"Chaka chatha. Ninagwa na njinga potenga manzi, nsimbi ya pakati inanimenya. Panavimba, panapola. Manje pambuyo panabwela kanthu kokosa mukati, chayamba kupindika. Chibaba."

A Kabaso anatembenukira kwa a Daka ndi nkhope ya mkulu wa bwalo. "Ba geti, mwana ati anagwa na njinga."

"Mufunseni ngati kuli mukazi," anatero a Daka, akuuza khoma.

"Ati kuli kamukazi?"

"Kulibe. Sininagonepo na munthu ine. Ba mai baninamizila chabe."

"Ati kulibe. Mwamvela, ba geti?"

"Mufunseni chifukwa chani sanayende ku kiliniki."

"Ninayenda," anayankha Chrispin, osadikiranso kuti funsolo lidutse mwa a Kabaso. "Pa windo ya makadi pankhala bamai baja ba pa nyumba ya buluu, bamene bapemphela na ba mai. Banifunsa pa bantu bonse, 'Chrispin, vuto ni chani?' Mu laini munali na banzanga ba ku sukulu. Ninakamba ati mutu. Banipasa panado."

A Kabaso sanaseke, ngakhale nkhani yake inali yoti mbuya aseke. "Nanga magazi aya?"

"Tumapepa tuja twa pa mapolo ya malaiti. Paja balemba ati dokota wa mavuto yonse ya bamuna. Ninatuma foni, banitana ku komboni ya Marapodi. Ninagulisa foni yanga kuti nilipile. Banitema na leza yometela ndevu, bapakapo vakuda, ati sabata imozi chizaongoka. Manje pachita chilonda."

A Daka sanatembenuke. Timapepala timeneto ankatiwona tsiku lililonse popita kuntchito, pa mtengo wa magetsi uliwonse, ndipo sanaganizepo kuti pali mwana wa munthu amene amaimba manambala ake.

"Mufunseni," mawu awo anatuluka osasa, "chifukwa chani sanauze munthu."

Apa Chrispin anadzutsa mutu. Ankalankhula ndi a Kabaso, koma maso ake anali pa shati yong'ambika paphewa ya atate ake.

"Nikanauza ndani? Ba tate banifunsa chabe ngati nadya. Ba mai ati nachimwa. Ku sukulu nikangena mu toileti niyembekeza bonse bachoke. Niganiza ati ine sindinenso munthu, sinizakwatila, sinizabala, nanga niphunzilila chani? Ninaganiza ati pa Sondo kuseni, bakalibe kunivalika shati ija, niyende chabe kwamene sibazanipeza. Olo ku njanji."

Patali mwana wina ankagubuduza mgolo wa madzi. A Kabaso anatola magalasi awo akuda owotcherera n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Nanga ati bwanji?" anafunsa a Daka, ngakhale anali atamva.

"Awe. Ivi sinizapeleka ine," anatero a Kabaso. "Katundu uyu ni wanu. Nyamulani mweka."

A Daka anatembenuka. Zinawatengera nthawi, ngati munthu amene khosi linauma, koma anatembenuka thupi lonse, njerwa n'kugwa. Anaona mwana wawo mmene anaondera, ndipo manyazi amene ankawaopa aja sanabwere. Chimene chinabwera ndi mantha, ndi chisoni chachikulu.

"Chrispin. Chibaba maningi?"

"Chibaba, ba tate."

"Pa Mande tiyenda tonse ku chipatala. Ine na iwe. Ku njanji kulibe chako, wamvela? Nakufunsa, wamvela?"

"Namvela."

Mnyamatayo analira, kulira kwa munthu wamkulu kopanda mawu. Atate ake anamugwira paphewa ndi dzanja lawo lokhakhala, osadziwa kuti achite nalo chiyani, n'kungolisiya pomwepo. A Kabaso anatuluka panja kukaona ngati magetsi abwera, chonsecho babu linali pamutu pawo.

Lamulungu m'mawa amake Chrispin anatulutsa shati yoyera ija. Anapeza amuna awo atakhala pakhomo la chipinda cha mwana ngati mlonda.

"Sayenda," anatero a Daka.

"Mwayamba liti kulamula va mapemphelo? Imwe na tchalitchi muonana pa malilo chabe."

"Nakamba naye."

Mayiyo anaima, shati ili m'manja. "Mwakamba naye? Imwe?"

"Ine. Kulibe mukazi, kulibe chimo. Anagwa na njinga pamene anali kutitapila manzi ise. Chiwalo chake chinapwetekeka mukati, chapindika. Wina wakuba ku Marapodi wamutema na leza. Tamupweteka kabili, bamake Chrispin, ine na kuzizila kwanga, imwe na kumunamizila. Musafune kuti na komboni yonse imupweteke kachitatu."

Amake Chrispin anakhala pansi pa mpando wa pulasitiki. Sanali mayi woipa. Anali mayi amene anaona ana a anzake akuikidwa m'manda ndi matenda obisa, ndipo mantha ake anathawira kumene ankadziwa. Anapinda shatiyo mosamala, n'kulowa kuchipinda kwa mwana wawo.

"Mwana wanga, nakulakwila. Unikhululukile." Anapukuta maso ndi chitenje. "Ku tchalitchi niyenda neka. Nizakupemphelela mu mutima. Mulungu si gonthi kuti afunike maikolofoni."

Lolemba atafika kukiliniki, anapezadi mayi wa nyumba ya buluu uja ali pawindo la makadi, magalasi ali pamphuno.

"Ba Daka, mwabwela na mwana? Vuto ni chani?"

"Vuto tizakamba mukati na bamene banaphunzila vuto," anatero a Daka mokweza, mzere wonse ukumva. "Imwe tipaseni khadi."

Mkati anakumana ndi wachipatala wachinyamata amene anatsuka balalo, n'kupereka jekeseni ndi mapiritsi. Anawauza mosabisa kuti akanachedwa pang'ono, chilondacho chikanalowa m'magazi. Za kukhotako anati si zake, n'za madokotala a njira ya mkodzo ku chipatala chachikulu, ndipo anawalembera kalata yopitira kumeneko. Tsiku limene anapatsidwa linali patali, pafupifupi mwezi.

Mweziwo sunali wofewa. Malungo anatha, bala linauma, Chrispin anabwerera kusukulu, koma mphekesera zinali zitafika kale kuti anadwala matenda a atsikana. Ena ankamuseka akamadutsa. Tsiku lina anabwera atakwiya, n'kuponya chikwama pansi, ndipo atate ake m'malo mofunsa ngati wadya anamufunsa chimene chachitika. Anakhala panja pa mabuloko awiri mpaka dzuwa kulowa. Nawo amalume anaimba foni kuti chimanga agulitsa, atumiziridwe ya basi abwere adzalankhule ndi mwana. A Daka anawathokoza mwaulemu wonse n'kuwauza kuti asavutike.

Tsiku litakwana analawirira. Kuchipatala chachikulu anasochera m'makonde, akufunsa uku ndi uku, mpaka anapeza benchi yaitali yodzaza amuna. Ambiri anali madala a imvi, aliyense atakumbatira khadi lake, osayang'anana. Chrispin ndiye anali wamng'ono pa onse, ndipo anafuna kubwerera. Atate ake anamukoka malaya n'kumukhazika pansi.

Dzina lake linaitanidwa dzuwa litapendeka. Dokotala Chisala anali bambo wamfupi wa dazi, wolankhula mosathamanga. Anawerenga kalata ija, n'kuyang'ana awiriwo.

"Chrispin, ndiwe mukulu manje. Ufuna batate bako bayembekeze panja?"

A Daka anali atayamba kale kudzuka, chipewa chili m'manja.

"Bankhale," anatero Chrispin.

Dokotalayo anamuyeza kuseri kwa katani, akumufunsa mafunso ndi mawu wamba ngati akufunsa za bondo kapena dzino. Atatha anakhala pansi n'kujambula papepala.

"Pamene unagwa, mukati munang'ambika pang'ono. Popola panasala chipsela chokosa. Chipsela sichitambasuka monga nyama inangu, ndiye chidonsa mbali imozi. Ni ivo chabe. Si mfiti, si chimo, sungapase munthu. Kambili tiiona kuli bakulu, koma na banyamata babwela."

"Ipola?" anafunsa Chrispin.

"Kubaba kuzasila, nizakupasa mankhwala. Kupindika tizakuyanganila kwa myezi, chifukwa chifunika chileke kusintha tisanagwilepo. Uzibwela kuno nikuone. Ngati chizasala chopindika maningi, kuli opaleshoni yoongola, timaichita. Sinikulonjeza va sabata imozi monga uja wa leza. Koma wabwela pa malo yake, futi wabwela nthawi ikaliko. Benangu bafika kuno papita zaka khumi, beka, nyumba zinapasuka kudala."

A Daka anatsokomola. Chipewa chinali chitapindidwa ngati chigamba.

"Ba dokota, nifunseko. Uyu mwana, chiwalo chake ichi... azabala?"

"Iyi nthenda siononga mbeu, ba Daka. Bazukulu muzabaona, bazamisilizilani na ndalama. Koma ayambe wapasa giredi 12."

Chrispin anaseka. Kanali kuseka kwakufupi, kodzidzimukira, ngati kwa munthu amene wapeza chinthu chimene anaiwala kuti anali nacho. Atate ake anamuyang'ana, nawo n'kuseka, dokotala akulemba tsiku lobweranso.

Pobwerera anakwera minibasi ya ku Kanyama, atapanikizana kumpando wakumbuyo pakati pa thumba la kapenta ndi mayi wonyamula nkhuku. Basi isanatuluke n'komwe m'tauni, mutu wa Chrispin unayamba kulemera, kenaka unagwera paphewa pa atate ake. Anagona tulo tenitweni, kukamwa kuli yasa, mabampu a msewu osamudzutsa. A Daka anaumitsa phewalo kuti lisagwedezeke, ngakhale dzanzi linali litawagwira mpaka m'zala.

Atafika pa siteji yawo, kondakitala anamenya chitseko.

"Ba mudala, si apa museluka?"

"Tiyeni nayo," anatero a Daka motsitsa mawu. "Tizaselukila ku siteji ya lasiti, tizabwelela na mendo. Mulekeni agone."